Kamera Nayo Imaunjika Mulu

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine wa kuno ku Mangochi, ndipo nkhani yanga ndi ya ana athu a Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE.

Masiku ano mwana akati akuwerenga, musayembekezere kuti nthawi zonse mumupeza ndi buku m'manja. Ambiri amaunjikana anayi kapena asanu, foni ili pakati, n'kumaonera filimu ya Macbeth. Amagawana mafilimuwa pa memori khadi ndi pa WhatsApp monga momwe ife tinkagawirana manotsi olemba pamanja. Makolo tagawanika pawiri. Ena akuti uku n'kusewera chabe, mwana alandidwe foni mpaka mayeso atatha. Ena akuti bola akuonera za kusukulu, Chingerezi cha Shakespeare chija n'cholimba ngati fupa la kampango, filimu ikumuthandiza. Ine ndili pakati. Filimu imathandiza ndithu, koma imathandiza mwana amene waphunzira kuifunsa mafunso. Amene amangoimeza yonse, imamugwetsa m'mayeso, ndipo ikhoza kudzamugwetsanso m'zinthu zina zazikulu kuposa mayeso.

Ine ndimagulitsa usipa ndi tomato mumsika wa pa boma pano. Sukulu ndinalekeza Fomu 4, ndipo za mafilimu sindinaziphunzire m'kalasi. Koma pali ntchito imodzi imene ndimaidziwa kuposa aphunzitsi ambiri, ndiyo kuunjika mulu. Tomato ukabwera naye kuchokera koodako amakhala wosakanikirana: wina wamkulu wofiira bwino, wina wamng'ono, wina wayamba kufewa. Sungangomukhuthula pa benchi. Atatu olimba amakhala pansi ngati mafuwa, wokongola kwambiri amakwera pamwamba, ndipo amene ali ndi kachipsera amatembenuzidwa kuti kachipserako kayang'ane kwa ine. Kenako kuwaza timadzi kuti aziwala. Usipa nayenso chimodzimodzi, wonyezimira ndi wosathyoka mitu ndiye amakhala pamwamba pa chigoba. Bodza palibe, tomatoyo ndi yemweyo, ndipo wogula ali ndi ufulu womutembenuza. Koma ine ndasankha chimene diso lake liyambe kuona.

Wopanga filimu ndi wamalonda wa mtundu womwewu. Kamera siiona dziko lonse, imaona kachigawo kamene mwini wake waiyang'anitsa. Chimene chili kumanzere ndi kumanja kwa chithunzi simudzachiona, ndipo wina anachita kusankha kuti musachione. Amasankha nkhope yoti ayandikitse, amasankha nyimbo yoti iyimbe pansipansi, amasankha poyambira ndi pothera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula wochenjera amanyamula tomato wapamwambayo n'kusuzumira pansi. Kuzukuta filimu ndi ntchito yomweyo.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 sitinali alendo pa nkhani ya kanema. Dziko lathu linatsegula wayilesi yake ya kanema ya TVM mu 1999, koma kuno kunyanja kanema wathu weniweni anali wa m'nyumba za vidiyo: kachisakasa ka bango kokutidwa ndi pepala lakuda la pulasitiki, mabenchi, jenereta ikulira kuseri, sipika ili panja kuti odutsa amve mfuti ndi zibakera alowe. Pa M'baluku, pa Namiasi, pa Makawa, mpaka ku Monkey Bay, paliponse pamene asodzi akocheza ndi ndalama m'thumba, nyumba ya vidiyo siinkasowa. Tinaonera Rambo ndi Commando, Jackie Chan ndi Jet Li, kenako kunabwera za ku Nigeria za afiti ndi apongozi ankhanza. Chingerezi sitinkachimva chonse, Chitchaina ndiye ayi ndithu, koma nkhani tinkaitsata. Tinkadziwa kuti uyu ndiye sitaringi, uyu ndiye bwana wa zigawenga, ndipo kuti nyimbo ikasintha ndiye kuti wina atsala pang'ono kufa.

Pambuyo pake kunabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja timawatcha ma DJ. Aliyense amene anaonerako amadziwa kuti samasulira mawu ndi mawu. Amaika nthabwala zawo, amapatsa anthu a ku China mayina a kwathu konkuno, ndipo nthawi zina amakuuziratu kuti uyu musamukhulupirire, ndi kambuku. Filimu imodzi ikamasuliridwa ndi anyamata awiri osiyana, mumatuluka ndi nkhani ziwiri. Mwana wa ku Mangochi amene wakulira m'menemo akudziwa kale, ngakhale sanaziganizire, kuti pakati pa iye ndi nkhani pamakhala munthu wina woikamo zake. Chimene chatsala n'kumuthandiza kuona kuti ngakhale filimu yopanda DJ ili naye munthu woteroyo, kungoti iye sayankhula mokweza.

Kunyumba kwanga nkhaniyi inafika kudzera mwa mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, amene akulemba chaka chino. Fizi yake yonse kuyambira Fomu 1 yachokera m'chigoba cha usipa, ndiye za mayeso akewa sindizitenga mwachibwana. Tsiku lina anabwera atakwiya, pepala loyeserera lili m'manja, lodzaza inki yofiira. Anali atalemba kuti kumapeto kwa sewero la Macbeth, Donalbain, mwana wamng'ono wa mfumu Duncan, anapita kwa afiti aja. Aphunzitsi anadula mzere wonse.

"Amama, ndinaona ndi maso angawa! Anatsika pa hatchi n'kulowera kumene kunali afitiwo."

Mwamwayi sabata imeneyo kunali mlongo wanga wamng'ono, amene akuphunzira za utolankhani ku Blantyre. Anatenga foni, n'kuyang'ana filimuyo, n'kuseka. Inali ya Roman Polanski ya mu 1971. M'sewero la Shakespeare, Donalbain amathawira ku Ireland bambo ake ataphedwa ndipo saonekanso. Seweroli limatha Macduff atapha Macbeth, Malcolm n'kulandira ufumu. Za kupita kwa afiti zija Polanski anachita kuwonjezera. Muli zinanso: mufilimuyo mumaona Macbeth akubaya Duncan, pomwe m'sewero kupha kuja sikuonetsedwa, timangoona Macbeth akutuluka ndi mipeni ndi manja a magazi. Palinso filimu ina ya mu 2015, momwe Michael Fassbender ndiye Macbeth, imene imayamba ndi maliro a mwana wa Macbeth ndi mkazi wake. Maliro amenewo m'buku mulibe. A MANEB amafunsa za buku, ndipo wochonga amafuna umboni wa m'buku. Mwana amene walemba za mufilimu waluza malikisi ngakhale analimbikira usiku wonse.

Ndinkaganiza kuti amalume akewo amuuza kuti afufute filimuyo, koma anachita zina. Anamufunsa kuti, "Nanga Polanski anawonjezeranji zimenezi? Akufuna utuluke ndi maganizo otani?" Mwana anakhala chete, kenako anati mwina akufuna kunena kuti dyera la ufumu silinathe ndi imfa ya Macbeth, wina ayambanso. Amalume ake anawomba m'manja. Anamuuza kuti atenge kope, agawe tsamba pawiri, mbali ina alembe zimene zili m'buku, mbali ina zimene filimu yasintha, ndipo pansi pa chosintha chilichonse alembe chifukwa chimene akuganiza kuti anasinthira. Kuti adzaze mbali ya buku anayenera kutsegula bukulo ndi kuwerenga chigawo chilichonse kawiri. Filimu ija, imene inkamuthawitsa buku, inayamba kumubwezera ku buku komweko. Ndipo zija amaphunzira m'kalasi za ampangankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa nkhani, pampondachimera ndi phunziro, zinasiya kukhala mawu oloweza. Anayamba kutsutsana ndi anzake kuti pampondachimera pa seweroli ndi pati, aliyense chala chili pa tsamba.

Madzulo amenewo, tikusankha usipa pa mphasa, mlongo wangayo anatifotokozera zina za m'manotsi ake. Chimene chinandigwira mtima ndi cha munthu wa ku Russia dzina lake Lev Kuleshov, amene anachita kafukufuku zaka pafupifupi 100 zapitazo. Anatenga chithunzi cha nkhope ya mwamuna, nkhope yongokhala phee, yosaseka yosalira. Anachilumikiza ndi mbale ya msuzi, anthu oonera anati munthuyu ali ndi njala. Anachilumikiza ndi mwana ali m'bokosi la maliro, anati ali ndi chisoni chachikulu. Anachilumikiza ndi mkazi atagona pa mpando, anati wamusirira. Koma nkhopeyo inali imodzi yomweyo. Tanthauzo linkachokera pa chimene chaikidwa pambali pake.

Ine ndinati izi ndiye za mumsika zenizeni. Chambo chimodzi chomwecho, chiikeni pa madzi oundana, pambali pali mandimu, munthu anena kuti changovuulidwa kumene. Chiikeni pa chikatoni chonyowa, pambali pali ntchentche ziwiri, anena kuti ndi cha dzana. Ndiye mwana akaona nkhope ya Lady Macbeth kenako kamera n'kudumphira pa manja, adzifunse kuti n'chifukwa chiyani ziwirizi zatsatana. Mlongo wanga anawonjezanso za poima kamera. Ikajambula munthu kuchokera pansi amaoneka wamkulu ndi woopsa, ikamujambula kuchokera pamwamba amaoneka wochepa ndi wosowa pogwira. Ikayandikira nkhope mpaka kuona thukuta, ikufuna mumumvere chisoni kapena mumuope. Ikaima patali, munthu n'kukhala kadontho pakati pa chigwa, ikukuuzani kuti ali yekha. Anatiyesa kuti tionere chigawo chimodzi titatseka mawu. Abale, mantha onse anathawa. Amene ankatiopsa anali ng'oma ndi mphepo ya m'sipika, osati afitiwo.

Buku lina limene akulemba ndi The Pearl la John Steinbeck, lotuluka mu 1947. Limeneli mwana wa kunyanja safunika kumulongosolera kwambiri. Kino ndi munthu wa m'madzi wa ku La Paz m'dziko la Mexico, wosauka, chuma chake chonse ndi bwato limene linachokera kwa agogo ake. Mwana wake Coyotito walumidwa ndi chinkhanira, dokotala akukana kumuona chifukwa makolo alibe ndalama. Kino akupeza ngale yaikulu, ndipo tawuni yonse ikuyamba kuwerengera ngale ya mwini wake. Akupita nayo kwa ogula, iwo akuinyoza kuti ndi yaikulu mopitirira, palibe angaigule, n'kutchula mtengo wachipongwe. Chinsinsi n'chakuti ogula onsewo ankagwirira ntchito bwana mmodzi, kupikisana kwawo kunali kwa chiphamaso. Mwana wanga atafika pamenepa anati, "Amama, izi ndi za pa doko." Anali ataonapo momwe zimakhalira usipa ukagwa wambiri, dzuwa kulibe, mathandala adzaza, ndipo ogula akuluakulu obwera ndi magalimoto ayamba anong'onezana asanafike pa boti. Msodzi wagwira ntchito usiku wonse ndi nyali, koma mtengo akuutchula ndi wina, ndipo nsomba siidikira.

M'bukuli Kino amamva nyimbo m'mutu mwake, ina ya banja, ina ya choipa, ina ya ngaleyo. Mwana amene wazolowera kumvetsera nyimbo za mufilimu amazindikira msanga ntchito yake, kuti wolemba akumuchenjeza za chimene chikubwera. Ndipo bwato la Kino likabooledwa, mwana wa ku Mangochi safunsa kuti chizindikiro chimenechi chikutanthauzanji. Amadziwa kuti kuboola bwato la munthu n'kuboola m'phika wa ana ake. Ndimauza anzake a mwana wanga kuti zimene akuzidziwa za kunyanja asazisiye pakhomo polowa m'chipinda cha mayeso. Umboni atenge m'buku, koma kumvetsa ali nako kale.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa nkhaniyi, chifukwa mayeso ndi a masabata ochepa koma makamera sadzatha. Boma lathu lino limajambulidwa kwambiri. Alendo amabwera ku Cape Maclear, kumene kuli paki ya Lake Malawi National Park imene bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Amabwera ku Nkopola ndi ku Makokola. Mukaona zithunzi zoitanira alendo, Mangochi ndi mchenga woyera, dzuwa likulowa, bwato limodzi patali, ndi nsomba za mbuna zamawangamawanga. Munthu wakuda akaonekamo ndiye kuti wanyamula thireyi ya zakumwa kapena akupalasa. Mukaona zithunzi za ena opempha thandizo kunja, Mangochi ndi mwana wamamina, mtsikana wapathupi, ndi nyumba yogwa ndi madzi. Zonse ziwirizi zilipo, sindikukana. Koma onsewa aunjika mulu, wina waika zokongola pamwamba kuti alendo abwere, wina waika zomvetsa chisoni pamwamba kuti ndalama zibwere. Mayi amene amadzuka 4 koloko kukadikira maboti, n'kufutsa usipa, n'kulipira fizi ya ana atatu, m'milu yonse iwiri mulibe. Mwana wathu akamangoona zithunzi ziwirizi osazifunsa, adzayamba kukhulupirira kuti kwawo ndi malo osangalalira ena kapena malo omvetsa chisoni basi.

Mlongo wanga anatchulanso Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica amene anakaphunzitsa ku Birmingham ku England. Iye analemba mu 1973 kuti wopanga uthenga amaikamo tanthauzo lake, koma wolandira sakakamizidwa kulimeza. Wina amavomera zonse, wina amavomera zina n'kukana zina, wina amakana zonse. Ndi momwe zimakhalira ndikakuwa kuti usipa wa lero uyu. Wina amangotulutsa ndalama, wina amati wa lero inde koma mulu wachepa, wina amanunkhiza n'kupita.

Chitsanzo chake tonse tili nacho. Mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso anasewera ngati bambo ake a William, ndipo William anali Maxwell Simba wa ku Kenya. Anthu akunja anaionera pa Netflix n'kugwetsa misozi, kwa iwo Chichewa cha m'menemo chinali Chichewa basi. Ife tinanyadira kuona nkhani yathu, fumbi lathu ndi gule wathu, koma tinasekanso katchulidwe ka mawu ena, mpaka kufunsana kuti kodi pamenepa wati chiyani. Tinavomera zina n'kukana zina. Palibe anatiphunzitsa dzina la zimene tinkachitazo, koma tinkazichita. Ndikufuna ana athu azichita zimenezi mwadala, pa filimu iliyonse, ngakhale pamene katchulidwe sikakuwadzutsa.

N'chifukwa chake ndinakondwa amalume ake atamupezera mwanayu The Last Fishing Boat, filimu ya Shemu Joyah ya mu 2012. Nkhani yake ndi ya kunyanja konkuno. Yusufu ndi msodzi amene kale zinkamuyendera, koma nsomba zachepa m'nyanja ndipo malo ogona alendo akukula momuzungulira. Mwana wake wasiya za usodzi, akuperekeza alendo. Mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, wagwa m'diso la mzungu wina amene akuganiza kuti ndalama zigula chilichonse. Nyanja ndi yomweyo ya pa zithunzi za alendo, mchenga ndi womwewo, koma kamera yaima mbali ya mudzi, ikuyang'ana ku hotela. Kungosintha poima basi, nkhani yonse yatembenuka. Sindikunena kuti poti wajambula ndi Mmalawi ndiye kuti tingomeza. Nayenso anaunjika mulu wake. Ine ndi mwana wanga tinatsutsana mpaka nsima kuzizira pa funso lakuti Abiti Anefa akuonetsedwa ngati munthu woganiza zake kapena ngati katundu wolimbirana amuna. Sitinagwirizane, ndipo ndinagona wokondwa chifukwa mfundo zake zinali ndi umboni.

Pali filimu ina imene ikuvuta kwambiri kuno, ndipo siili pa silabasi. Ndi ija imabwera pa foni kuchokera ku Joni. Aliyense akudziwa kuti anyamata ambiri a boma lino amapita ku South Africa, ndipo ena abweretsadi malata, njinga zamoto ndi nyumba zabwino. Koma taonani zithunzi zimene amatumiza: mnyamata watsamira galimoto yonyezimira, nsapato zatsopano, kumbuyo kuli sitolo yaikulu ya ku Johannesburg. Kamera siionetsa kuti galimotoyo ndi ya ndani. Siionetsa kachipinda kogona anthu asanu ndi mmodzi, kuthawa apolisi chifukwa cha mapepala, kapena mantha a nthawi ya zipolowe zothamangitsa alendo, monga za mu 2008 ndi 2015 pamene Amalawi anabwerera kwawo pa mabasi ali manjamanja. Mnyamata wa Fomu 2 akaona chithunzicho amaona ngati sukulu ikumuchedwetsa. Ndawaona ana a anzanga a mumsika akusiya sukulu chifukwa cha chithunzi chimodzi chotere. Mwana amene waphunzira kufunsa Polanski kuti wawonjezeranji chigawo chija, akhozanso kufunsa msuweni wake kuti tatembenuza foniyo ndione kumene ukugona. Akapita, apite akudziwa mulu wonse, pamwamba ndi pansi pomwe.

Ndiye kwa inu a Fomu 4 amene muli m'gulu lino, ndi inu makolo ndi aphunzitsi, nawa mafunso amene mwana wanga anamata pa chikuto cha kope lake. Wajambula ndani, ndipo ndalama yojambulira anapereka ndani? Kamera yaima mbali ya yani? N'chiyani chimene chaikidwa pafupi ndi chinzake kuti ndimve chisoni, mantha kapena kusirira? Ndikatseka mawu, chatsala n'chiyani? Ndani amene sakuoneka kapena sakuyankhula? Ndipo la mayeso lenileni: kodi izi zili m'buku, pa tsamba liti? Yambani mwawerenga chigawo m'buku, kenako muonere chigawo chomwecho, kenako mubwererenso ku buku. Musaonere filimu yonse kamodzi ngati muli m'nyumba ya vidiyo. Imitsani, bwezani, kanganani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo anzanga, musaope kuti Shakespeare simukumudziwa. Ine m'nthawi yanga tinkalemba Romeo and Juliet ndi Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza, ndipo zambiri ndinaiwala. Koma kukhala pambali pa mwana n'kumufunsa kuti uyu akulira chifukwa chiyani, nanga buku likuti chiyani, sikufuna satifiketi. Ngati mumadziwa kusankha chambo, kuyeza chitenje ngati chili chosasuluka, kapena kuzindikira mbewu yabodza, luso lofunsa muli nalo. Mupatseni mwana.

Wanga wandiuza kuti mayeso akatha akufuna abwereke foni ya amalume ake, apite pa doko m'bandakucha akajambule amayi ofutsa usipa, kuyambira pokoleza moto mpaka poyanika. Akuti kamera adzaiika pansi, amayiwo aoneke ataliatali. Ndamuuza kuti ayambe wakhoza kaye.

Inu a m'maboma ena, kwanuko makamera amaika chiyani pamwamba pa mulu, ndipo amabisa chiyani pansi? Tiuzeni timve. Ana onse amene akulemba chaka chino, zabwino zonse.